Mapulagi tiphunzire kusintha tokha, koma tiphunzirire pakhomo osati pa Changara

 Lero nkhani ya mitengo ya mabulangete ndi ya msonkho wa pa boda tiyiike kaye pambali. Tikufuna tikambe za kachitsulo kakang'ono kotalika ngati chala, kamene katigonetsapo panjira ndi kutidyera phindu la ulendo wonse. Tikunena mapulagi.

Maganizo athu ndi awa: aliyense wa ife amene amayendetsa geni ndi galimoto yake ya petulo, mwamuna kapena mkazi, ayenera kudziwa kusintha mapulagi ndi manja ake. Koma aphunzire ali pakhomo, injini itazizira, mtima uli m'malo. Amene akuyamba kuphunzira ntchitoyi galimoto itafa kale m'mbali mwa msewu, katundu ali pamwamba, dzuwa likulowa, nthawi zambiri ndi amene amaononga injini.

Tiyambe ndi zimene zinatichitikira ife. Tinali kubwerera kuchokera ku Johannesburg pa Probox yathu, itadzaza mpaka kudenga. Titadutsa Nyamapanda nkulowa mu Mozambique, chakufupi ndi Changara, galimoto inayamba kunjenjemera. Ukaponda moto imachita ngati ikutsamwa, mphamvu inatha, ndipo kanyali ka check engine kanayamba kuphethira. Amene mumayenda njirayi mukudziwa kutentha kwa chigawo cha Tete. Tinaima. Anabwera mnyamata wina ndi thumba la masipanala, anatsegula boneti, nati vuto ndi mapulagi. Ananena zoona. Koma anawamasula injini ikadali moto, anatipatsa mapulagi amene anali nawo m'thumba osayang'ana nambala, ndipo imodzi anailowetsa mopingasa nkuikakamiza ndi sipanala. Tinamulipira marandi, tinamuthokoza, tinanyamuka. Tinadutsa Tete ndi Moatize, koma tisanafike pa Zobue tinangomva phokoso ngati mfuti pansi pa boneti. Pulagi ija inafwamphuka, itatenga mazinga a muhedi, ndipo koyilo yake inasweka. Galimoto inachita kukokedwa, tinagona masiku awiri tikulondera katundu, ndipo makasitomala amene anapereka kale ndalama za maoda awo amaimba foni osapuma.

Mnyamata uja sitimuda. Anachita zimene amadziwa. Olakwa tinali ife, chifukwa tinayenda ndi galimotoyo chaka chathunthu osadziwa kuti muli mapulagi a mtundu wanji, anaikidwa liti, ndipo pamene amaikakamiza pulagi ija ife tinali chiimire tikuyang'ana, osazindikira kuti akutiphera injini. Safunsa anadya phula.

Tiwerengere limodzi. Kuchoka ku Johannesburg kudzera ku Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue ndi Mwanza mpaka ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700. Kupita ndi kubwera ndi 3,400. Munthu amene amayenda ulendo umodzi pa mwezi wayenda makilomita oposa 40,000 pa chaka, osawerengera maulendo a m'tauni okasiya katundu. Mapulagi wamba, aja otchipa a nsonga yonenepa, amafuna kusinthidwa akayenda makilomita a pakati pa 20,000 ndi 30,000. Ndiye kuti wa geni amene akugwiritsa ntchito mapulagi wamba ayenera kusintha kamodzi kapena kawiri pa chaka. A iridium enieni, aja olembedwa kuti ndi okhalitsa, amatha kufika makilomita 100,000. Mnzathu wa mu ofesi amene amangoyenda kuchoka ku Area 25 kupita ku City Centre akhoza kuiwala za mapulagi kwa zaka. Ife sitingatero, chifukwa galimoto yathu imayenda yolemedwa, pa mtunda wautali, m'malo otentha, ndipo nthawi zina petulo akasowa timathira wa m'zigubu amene sitikudziwa kuti wadutsa kuti.

Ntchito ya pulagi ndi yosavuta kuimvetsa. Mu injini ya petulo, mpweya ndi petulo zimasakanikirana mu silinda, pisitoni nkuzipanikiza. Koyilo imatenga moto wa batire nkuukweza kufika mavoti masauzande ambiri, ndipo motowo umadumpha pa kampata ka kunsonga kwa pulagi nkuyatsa petulo uja. Izi zimachitika kambirimbiri pa mphindi iliyonse. Pakapita nthawi nsonga ija imadyeka, mpata umakula, ndipo koyilo imavutika kwambiri kuti moto udumphe. Nchifukwa chake munthu amene amaumira kugula mapulagi amadzapezeka akugula makoyilo, omwe ndi okwera mtengo kuposa mapulagiwo. Silinda imodzi ikasiya kuyaka bwino, petulo wosapsa amatsikira ku ekizozi nkukatenthetsa catalytic converter mpaka kuiononga. Kanyali ka check engine kakamaphethira m'malo mongoyaka, tanthauzo lake nlakuti injini ikumisa kwambiri. Chepetsani moto, pezani poima pabwino.

Tisanapitirire, a dizilo nkhaniyi si yanu. Hiace kapena Quantum ya D-4D, Canter, Dyna ya dizilo, zonsezi zilibe mapulagi a mtundu umenewu. Zili ndi ma glow plug, omwe ntchito yake ndi kutenthetsa injini polizira basi. Munthu akakuuzani kuti akusinthireni spark plug pa galimoto ya dizilo, gwirani chikwama chanu.

Tikudziwa kuti ena pano akuti, nanga amakaniko alipo chifukwa chiyani, aliyense adye pa ntchito yake. Mfundo imeneyi ili ndi nzeru ndipo sitikuikana. Makaniko wabwino ndi m'bale wa geni yathu, ndipo ntchito za giyabokosi, mabuleki, taiming'i ndi zamagetsi timusiyire iyeyo. Koma makaniko wanu wa ku Ndirande kapena ku Biwi sadzakhalapo pakati pa Masvingo ndi Beitbridge usiku. Komanso munthu amene anasinthapo mapulagi yekha amadziwa kuyang'anira wina akamamusinthira. Amaona msanga kuti uyu watenga nambala yolakwika, uyu akukakamiza, uyu wandibwezera akale atangowapukuta ndi bulashi. Ngakhale mutasankha kuti moyo wanu wonse muzilipira makaniko, kudziwako kudzakutetezani.

Ena akuti amaopa kuononga. Mantha amenewo ndi abwino, asungeni. Hedi ya galimoto zathu zambiri za ku Japan ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa, pamene pulagi ndi ya chitsulo cholimba. Zikalimbana, wogonja ndi hedi. Koma njira zoonongera hedi ndi zodziwika ndipo ndi zochepa: kumasula injini ili moto, kulowetsa pulagi mopingasa, kumanga mopyola muyezo, kuika pulagi yotalika kapena yofupika molakwika, ndi kugwetsera mchenga mu silinda. Zonsezi zimapeweka ndi kudekha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Alongo athu ena akuti imeneyi ndi ntchito ya abambo. Amayi, inu amene mumanyamula mabelo pa Park Station, mumakambirana ndi a kasitomu mpaka kutuluka bwinobwino, mumawerenga marandi, madola, metikashi ndi makwacha pamtima, mungalephere kumasula mabawuti anayi? Ntchitoyi sifuna mphamvu. Kunena zoona, mphamvu ndi zimene zimaononga.

Tsopano tiyambe ndi kugula, chifukwa ambiri amalakwira pomwepo asanagwire nkomwe sipanala. Osapita pa kauntala nkungoti ndikufuna mapulagi a Probox kapena a Sienta. Tengani nambala ya chasisi ndi nambala ya injini, zili pa kachitsulo ka pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko, komanso mu bulubuku. Mwachitsanzo Probox yakale ya 1.5 imalembedwa NCP51 ndipo injini yake ndi 1NZ-FE, pamene ya 1.3 ndi NCP50 ya injini ya 2NZ-FE. Injini zakale zimenezi zimayenda ndi mapulagi ngati Denso K16R-U11 kapena NGK BKR5EYA-11. Nambala 11 yakumapetoyo ikutanthauza kuti mpata wa kunsonga ndi mamilimita 1.1. Koma chenjerani, 1NZ-FE yomweyo ya zaka za pambuyo pake, ngati ya mu Axio ndi Fielder, imafuna pulagi ya mazinga aatali. Dzina la injini ndi limodzi koma pulagi ndi yosiyana. Mukaika yaitali pofunika yaifupi, ikhoza kugundana ndi pisitoni. Mukaika yaifupi pofunika yaitali, moto umayakira kobisika, galimoto siyenda bwino, ndipo mazinga otsala amadzaza mwaye.

Kumbukiraninso kuti dziko la South Africa sililola kulowetsa galimoto zakale za ku Japan kuti zizigulitsidwa kumeneko, ndiye wogulitsa masipeya ku Joni mwina Probox kapena Sienta sakuidziwa nkomwe, ndipo mu kompyuta yake mulibe. Ngati mukufuna kugula kumeneko, pitani ndi nambala ya pulagi yeniyeniyo yolembedwa pa pepala kapena mu foni. Wogulitsa akati nambala imeneyo palibe koma iyi ndi chimodzimodzi, muuzeni akuonetseni m'buku la kampaniyo kuti zikufanana. Pa nambala ya pulagi pali chiwerengero chosonyeza mmene pulagiyo imatayira kutentha. Pa NGK ndi Denso, chiwerengero chikamakwera ndiye kuti pulagiyo ndi yozizira. Pa Bosch ndi mosemphana. Choncho 5 wa kampani ina si 5 wa kampani inzake, osayerekeza ndi maso.

Inu a Honda Fit yoyamba ija ya GD1, ya injini ya 1.3 yolembedwa i-DSI, dziwani kuti muli ndi mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse, anayi kutsogolo ndi anayi kumbuyo. Ambiri amasintha anayi ooneka okha nkumadabwa kuti galimoto ikunjenjemerabe. Inu a Vitz ndi Passo za 1.0 za injini ya 1KR-FE, masilinda ndi atatu, mapulagi atatu.

Nkhani ina yowawa ndi ya mapulagi achinyengo. Ife a geni tikudziwa bwino kuti katundu wofanizira amaoneka bwanji, ndiye tisapusitsidwe pa zathu zomwe. Makampani a NGK ndi Denso eni ake akhala akuchenjeza kuti pali mapulagi abodza olembedwa maina awo, makamaka a iridium. Bokosi lokongola, dzina lomwelo, koma nsonga yake ndi chitsulo wamba chimene chimadyeka msanga, nthawi zina kusungunuka kapena kuthyokera mu silinda. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mukapeza a iridium anayi pa mtengo wa imodzi, asiyeni. Yang'anani zilembo ngati zalembedwa mooneka bwino ndi mowongoka, yang'anani mazinga ngati ndi osalala, ndipo kawasha ka pa pulagi yeniyeni sikavuka wamba mukakakoka. Uphungu wathu ndi wakuti ngati ndalama yachepa, gulani mapulagi wamba enieni ku sitolo yodalirika, bola ngati buku la galimoto yanu likuwalola, kusiyana ndi iridium ya pa msika yosadziwika kochokera. Ndipo inu amene mumaoda masipeya kudzagulitsa kumudzi, musatibweretsere zabodzazi. Amene adzafere panjira ndi mnzanu wa pa gulu lomwe lino.

Zida zofunika si zambiri. Soketi ya mapulagi yokhala ndi labala kapena maginito mkati, ya 16 pa injini zambiri zakale za Toyota ndi Honda, kapena ya 14 pa injini zambiri zatsopano. Chitsulo chotalikitsira soketi, chifukwa mapulagi amakhala pansi m'mabowo. Ratcheti. Soketi ya 10 yomasulira mabawuti a makoyilo. Kapaipi ka labala kotalika ngati chikhatho kamene kamagwira mutu wa pulagi. Pampu ya matayala kapena ya njinga youzira fumbi. Kansalu koyera, tochi, ndi kabotolo ka Q20 kapena WD-40. Amene angakwanitse agule torque wrench yaing'ono. Mukhoza kusonkherana anthu atatu kapena anayi oyenda njira imodzi nkumabwerekana.

Sankhani tsiku limene simukupita kulikonse, ndipo pakhale masiku angapo ulendo usanafike. Osasintha mapulagi usiku woti mawa m'bandakucha mukunyamuka. Chitani m'mawa, galimoto itagona usiku wonse osalira. Zimitsani, chotsani kiyi, muike m'thumba. Inu a Aqua, Prius ndi Fit ya hybrid, onetsetsani kuti galimoto yazimiratu ndipo mawu akuti READY sakuoneka, chifukwa injini yake imatha kudzilizira yokha, ndipo mawaya a mtundu wa olenji musawakhudze. Musanamasule kanthu, jambulani injini ndi foni kuti mudzakumbukire mmene zinalili.

Chotsani chivindikiro cha pulasitiki ngati chilipo. Muona makoyilo ali pa mzere, iliyonse ili ndi kabawuti kamodzi ndi pulagi ya mawaya. Dinani kachogwirira ka mawayawo ndi chala nkukoka pang'onopang'ono. Tizogwirira timeneti timauma ndi kutentha ndipo timathyoka msanga, ndiye osatokosa ndi sikuludiraiva mwaukali, komanso osakoka mawaya enieniwo. Masulani kabawuti, pindani koyilo pang'ono uku ndi uku, ikokereni m'mwamba. Ngati galimoto yanu ndi yakale ya mawaya aakulu ochokera ku distributor, gwirani pa labala ya kumapeto osati pakati pa waya, ndipo chotsani waya mmodzi basi. Lamulo lathu ndi limeneli pa galimoto iliyonse: silinda imodzi imalizidwe kaye musanakhudze ina. Mukazula mawaya onse nthawi imodzi nkuwasokoneza, galimoto idzalira moipa kapena kukana kulira kumene.

Koyilo ikatuluka, unikani m'bowomo ndi tochi. Misewu yathu ndi ya fumbi, ndipo mchenga umaunjikana mozungulira pulagi. Uzirani ndi pampu mpaka mutayera, chifukwa pulagi ikangochoka, chilichonse chimene chili m'bowomo chigwera mu silinda. Mukapeza oyilo atadzaza m'bowo, dziwani kuti gasiketi ya chivindikiro cha pamwamba pa injini yatha. Pukutani oyiloyo musanamasule pulagi, ndipo konzani zosintha gasiketiyo, apo ayi oyiloyo adzaononga labala ya koyilo ndipo kumisa kudzabwerera.

Lowetsani soketi mpaka itakhala bwino pa pulagi, igwireni mowongoka, zungulizani chakumanzere. Poyamba imalimba pang'ono kenako imamasuka nkumayenda mofewa. Ikakana, kapena ikamalimba njira yonse nkumalira, imani. Ibwezereni pang'ono, thirani timadontho ta Q20, dikirani mphindi 15 kapena kuposerapo, kenako yesaninso mopita ndi kubwerera pang'onopang'ono. Ikakanabe, imangeni mmene inalili, bwezerani koyilo, pitani kwa makaniko. Palibe manyazi pamenepo. Osaika paipi yaitali pa sipanala kuti muonjezere mphamvu. Pulagi yothyokera muhedi ndi ntchito ya masiku.

Pulagi yakale ikatuluka musaitaye msanga. Iikeni pambali pa yatsopano muone ngati mazinga ndi otalika mofanana ndiponso onenepa mofanana. Zikasiyana, musaike, bwererani kositolo. Kenako yang'anani nsonga yake, chifukwa imakuuzani za umoyo wa injini. Ikakhala yofiirira pang'ono kapena yotuwa ngati phulusa, zinthu zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, injini ikulandira petulo wambiri kapena mpweya wochepa, yambani mwayang'ana air cleaner. Ikakhala yakuda ndi yonyowa oyilo, injini ikudya oyilo, ndipo mapulagi atsopano sathetsa vutolo. Ikakhala yoyera mbee ndi yotupatupa kapena yosungunuka, injini ikutentha mopyola kapena pulagiyo ndi yolakwika. Imodzi ikaoneka yotsukika kwambiri kusiyana ndi zinzake, pamene madzi a mu radiyeta akumachepa osaoneka podontha, kaonetseni gasiketi ya hedi musanayambe ulendo wautali. Ndandalikani mapulagi akalewo motsatana, kuyambira silinda ya kumbali ya malamba, muwajambule. Chithunzi chimenecho chidzathandiza makaniko wanu.

Tsopano pofika pa kuika yatsopano, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mapulagi ambiri amabwera mpata utakonzedwa kale. A iridium musawapinde kapena kuwakanikiza ndi choyezera, nsonga yake ndi yopyapyala ndipo imathyoka. Pulagi ikagwa pansi pa simenti, musaiike, chifukwa choyera chija chimatha kung'aluka mosaoneka. Musapake girisi kapena oyilo pa mazinga. A NGK amanena okha kuti mapulagi awo onyezimira aja anakutidwa kale ndipo safuna kupakidwa kanthu, chifukwa mafuta amachititsa kuti munthu amange mopyola osazindikira. Musaiponye pulagi m'bowo, nsonga imagunda pansi mpata nkutsekeka. Ilowetseni mu kapaipi ka labala kaja kapena mu soketi, muitsitse bwinobwino, ndipo muyambe kuzunguliza ndi zala zokha, opanda ratcheti. Pulagi yolowa bwino imayenda mofewa maulendo ambiri mpaka kukafika pansi. Ikalimba itangozungulira kamodzi kapena kawiri, yapingasa. Ibwezeni, muyambirenso. Ubwino wa kapaipi ka labala ndi wakuti pulagi ikapingasa kamangoterereka, sikangathe kudula mazinga. Mnyamata wa pa Changara uja akanadziwa chinthu chimodzi chimenechi, hedi yathu ikanapulumuka.

Ikafika pansi ndi zala, ndiye tengani sipanala. Amene muli ndi torque wrench tsatirani nambala ya m'buku la galimoto yanu. Pa 1NZ-FE yakale buku la Toyota limati 18 Nm, yomwe ndi mphamvu yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Amene mulibe, yang'anani pa bokosi la mapulagi, nthawi zambiri pamajambulidwa. Pa pulagi yatsopano yokhala ndi kawasha, ya mazinga a mamilimita 14, mumazunguliza pafupifupi theka la bwalo kuchokera pamene zala zalekezera. Mumva kawasha kakuphwanyika kenako kulimba, ndipo pamenepo lekani. Pulagi yakale imene mukungoibwezera, kawasha kake kanaphwanyika kale, ndiye imangofuna kukhudza pang'ono chabe. Mapulagi opyapyala a injini zatsopano amafunanso mphamvu yocheperapo. Kumanga mopyola kumakoka mazinga, pamene kusiya yolobodoka kumachititsa kuti pulagi itenthe ndi kumagwedera mpaka kudya mazinga. Bwezerani koyilo mpaka itakhala pansi, mangani kabawuti kake mopepuka, lumikizani mawaya mpaka mutamva kuti thi. Kenako pitani pa silinda yotsatira.

Mukamaliza zonse, werengani zida zanu kuti pasatsale kanthu mu injini, lizani galimoto, mvetserani. Yendani nayo m'tauni masiku awiri kapena atatu, mukwere nayo chitunda, musanaisenzetse katundu wa ulendo. Lembani tsiku, makilomita ndi nambala ya mapulagi mu kabuku komwe mumalembamo maoda. Mwa akale aja sankhani awiri ooneka bwino, muwakulunge mu kansalu, muwasunge m'galimoto pamodzi ndi soketi. Amene angathe asungenso koyilo imodzi yapadera. Zinthu zimenezi sizitenga malo ngakhale a bulangete limodzi.

Tinene chilungamo, si galimoto iliyonse imene woyamba kumene angaphunzirirepo. Nissan AD, Tiida ndi Note za injini ya HR15DE zili ndi mapaipi a mpweya amene anadutsa pamwamba pa makoyilo, ndipo kuti mufike pa mapulagi muyenera kuchotsa manifodi yonse. Subaru mapulagi ake ali m'mbali, pothina. Injini za V6 zoikidwa chopingasa zimabisa mapulagi atatu kumbuyo. Pa galimoto zoterezi ulendo woyamba pitani kwa makaniko, muime pambali pake, muone, mufunse. Koma Probox, Sienta, Fielder, Vitz ndi zinzake za mapulagi oonekera pamwamba, munthu wodekha amamaliza mu ola limodzi ngakhale kali koyamba.

Tinenenso kuti mapulagi si mankhwala a matenda onse. Mukasintha koma galimoto ikumisabe, ganizirani koyilo. Kamakina kowerengera zolakwika kamene amalumikiza pansi pa chiwongolero kakaonetsa P0301 ndiye kuti vuto lili pa silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, choncho mpaka P0304, pamene P0300 ndi kumisa kosasankha silinda. Sinthanitsani koyilo ya silinda yodwalayo ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka nayo, koyiloyo yafa. Likatsala pomwepo, kayezetseni injekita ndi mphamvu ya silindayo. Osangogula makoyilo onse anayi chifukwa wina wanena.

Mawu apadera kwa inu amene mukukatenga galimoto ku doko la Dar es Salaam. Galimoto yochokera ku Japan imaoneka yoyera ngati yatsopano, koma simukudziwa kuti mapulagi ake ayenda mtunda wotani. Mudutsa Mbeya, Kasumulu, Songwe, Karonga, kenako zitunda za Chiweta zikukudikirani. Ikafika bwino kunyumba, musanaiyambitse geni, sinthani oyilo, yang'anani air cleaner, ndipo tulutsani mapulagi muwaone. Kuyambira tsiku limenelo mudzakhala mukudziwa chimene chili mu injini yanu.

Mpamba wathu ambirife ndi wa ngongole, wina wa ku banki mkhonde, wina wa chipereganyu, wina ndi ndalama za makasitomala amene anatikhulupirira. Tsiku lililonse limene galimoto yagona panjira, chiwongoladzanja chikuyenda, chitupa cha galimoto cha dziko la eni chikutha masiku, katundu ali pa chiopsezo cha akuba, ndipo kasitomala akuyamba kufunsa nambala ya wina. Poyerekeza ndi zonsezi, mtengo wa mapulagi anayi ndi soketi imodzi ndi wochepa kwambiri.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Sabata ino, musanapite kulikonse, tsegulani boneti, lembani nambala ya chasisi ndi ya injini, mufufuze nambala ya mapulagi oyenera galimoto yanu, muisunge mu foni. Loweruka likubwerali kapena linalo, itanani mnzanu amene anachitapo ntchitoyi aime pafupi, koma sipanala igwidwe ndi inuyo. Amene mwasintha kale, tiuzeni m'munsimu mtundu wa galimoto yanu, injini yake ndi nambala ya mapulagi imene mukugwiritsa ntchito, kuti anzathu atsopano apeze poyambira. Muyende bwino nonse, malonda akuyendereni.